Ndioneni Amene Ndinakhomera Nachisale

Sunthirani kuno, mbaulayi siluma, ndinakhoma ndekha. Ndipo iwe ukutosa chitini chili kudengacho ndi ndodo, tachisiya. Ukuyesa chidebe cholephereka eti? Ine Gwirize sindilephera chidebe. Zaka makumi atatu ndikukhoma ndowa, mbaula ndi zothirira kudimba pa doko la Kamphambe pano, ndipo za chitsulo sindinanamepo. Za anthu mwina, koma za chitsulo ayi. Chimenecho dzina lake ndi ndioneni. Khala pansi umve.

Chaka china, mwezi wa Okutobala, kunabwera bwana wina woona za maboti. Anasonkhanitsa eni maboti onse pansi pa mkuyu wa padoko, nane anandiitana poti ndine wa zitsulo. Anati sitima zikuluzikulu zonyamula katundu zili ndi makina otchedwa rada, amene amaona patali ngakhale woyendetsa asakuona kanthu ndi maso. Koma makinawo amaona chitsulo, matabwa sawaona bwino.

"Boti lanu la matabwali, kwa rada ndi madzi basi," anatero bwanayo. "Sitima ikhoza kukupondani, n'kukafika komwe ikupita osadziwa kuti yaponda munthu."

Kenaka anatulutsa zinthu ziwiri m'chikwama. China chinali ngati kansungwi ka pulasitiki, kosalala, kotalika ngati mkono. Chinacho chinali mapepala a aluminiyamu opingasana, okhala ndi mphako zisanu ndi zitatu, chonyansa ngati ichi mukuchionachi. Asodzi onse maso anali pa kansungwi kaja, paja anthu inu mumakonda zonyezimira. Bwanayo anaseka.

"Kokongolaka kamanong'ona," anatero. "Chonyansachi chimakuwa. Sankhani nokha, mukufuna sitima ikumveni kapena ayi?"

Dzina lake lachingerezi linatikola pakhosi tonse, mpaka msodzi wina anati, "Aaa, basi ameneyu ndi ndioneni." Dzina n'kukhazikika pomwepo. Pomaliza bwanayo ananena mawu amene anayambitsa zonsezi. Anati, "Mukapachika ichi pamwamba pa mlongoti, kaya kuli chimvula kaya kuli nkhungu, boti losaoneka limaoneka."

Kumbuyo kwa gulu kunali mayi wina atasenza beseni la zitumbuwa. Anali Nachisale.

Nachisale ameneyu mwamuna wake anali Sandalamu. Zaka zinayi m'mbuyomo, Sandalamu ananyamuka m'mawa ndi boti lake, atapakira matumba a usipa wouma kupita tsidya lina. Kunalibe mwera, nyanja ili phee. Sanabwerenso. Anthu anasaka masabata atatu, koma ngakhale thabwa limodzi, ngakhale chigubu cha mafuta, palibe chinapezeka. Ukafunsa za Sandalamu, yankho linali limodzi: sanaoneke.

Tsono atsibweni ake a Sandalamu, a Chikhadwe, omwe anali eni mbumba, anakana maliro. Ena anati tiike thunthu la nthochi m'manda monga timachitira mtembo ukasowa, koma iwo anagwedeza mutu. "Wosaoneka sitimulira," ankatero. "Mwina ali tsidya linalo, wapeza banja lina. Mukamulira ali moyo, mwamupha ndinu." Mdalayo anali wouma mutu ngati nyundo yangayi. Ndiye Nachisale anangokhala choncho, sanametedwe, sanasudzulidwe, mkazi wa munthu ayi, wamasiye ayi. Kukwatiwa sakanatha, kulira mokweza sakanaloledwa. Pa maliro a anthu ena ankalira kupitirira eni maliro, ndipo amayi anzake ankadziwa kuti misozi imeneyo ndi ya yani.

M'mawa mwake ndinangoona watulukira pa shedi panga.

"Amisiri, mundikhomere chija."

"Chiti, mayi?"

"Chija chimaonetsa boti losaoneka."

Ndinaseka. Mulungu andikhululukire, ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinati, "Mayi, bwana uja amanena boti loti lili pamadzi, kuti sitima isaliponde. Sananene boti lotayika ayi."

"Anati losaoneka limaoneka. Ndinamva ndi makutu angawa," anatero Nachisale, osaseka n'pang'ono pomwe. "Nanga la bambo akunyumba lili kuti ngati silili pamadzi? Munaliona pamtunda inu?"

Ndinayesa kumufotokozera kachiwiri, ndinajambula sitima pa dothi, ndinajambula kaboti, koma iye ankangondiyang'ana ngati ine ndiye wosamvetsa. Pomaliza ndinati kaya, chitsulo sichifunsa kuti mwini wake akuganiza chiyani. Ndinamufunsa kuti akufuna chiti, poti ka pulasitiki kaja kanali kupezeka mu sitolo ku boma.

"Chokuwacho," anatero. "Ndipo chikhale chachikulu. Kunong'ona ndanong'ona zaka zinayi, kwakwana."

Anati chidzapachikidwa pa boti la mchimwene wake Lifa.

Ndinali ndi pepala la aluminiyamu lochokera ku basi yakale, ndipo ndinaliyamba tsiku lomwelo. Ntchito imeneyi si ya ndowa ayi. Makona onse amafunika akhale owongoka ndendende, uyeze ndi sikweya, chida choyezera makona, kawiri katatu. Kona ikangopendekeka ngati chikhadabo, chinthucho chimayankhira kumbali, sitima osamva. Nachisale ankabwera masana alionse n'kukhala pa chitsa, kumaonerera. Tsiku lachiwiri ndinamuonetsa kapachikidwe kake monga anatiuzira bwana uja.

"Simupachika ndi nsonga ayi," ndinatero. "Mphako imodzi iyang'ane kumwamba, ngati mukukinga madzi a mvula. Mukatero, mphako zisanu ndi imodzi izi zimayang'ana mbali zonse za nyanja."

Iye anawerenga ndi chala. "Zakwana zisanu ndi ziwiri. Yotsalayo?"

"Imeneyo imayang'ana pansi."

"Pamadzi?"

"Eya, pamadzi. Ilibe ntchito."

"Ndiye yanga ndi imeneyo," anatero, n'kusenza beseni lake.

Tsono mverani. Ine zidutswa zotsala podula sinditaya, ndimasunga mu chitini kuti ndizimatira mapoto. M'mawa wa tsiku lachitatu ndinapeza zidutswa za aluminiyamu zonse palibe. Za malata zinalipo, za zingwe za waya zinalipo, zasowa za aluminiyamu zokha. Loko wa pachitseko ali bwinobwino. Ndinatukwana doko lonse tsiku limenelo, mpaka mayi akunyumba anati, "Bambo, mukuchititsa manyazi, wakuba wanji angasiye nyundo n'kutenga zinyalala?" Funso limenelo linandikhala pamtima ngati munga wa nsomba.

Ndioneni uja ndinamupachika kudenga kuti ndione ngati akulendewera bwino. Kutacha, ndikumutsitsa, madzi anandikhuthukira m'khosi. Mphako yakumwamba ija inali itadzaza. Mu Okutobala! Mvula tinali titaiona komaliza mu Epulo, ndipo denga langa silidontha, ndinafolera ndekha. Ndinapukuta, n'kupachikanso. M'mawa mwake madzi anadzazanso. Ulendo uno ndinatsitsa mosamala, ndinanunkhiza, ndinalawa. Musandiyang'ane choncho, mmisiri amalawa. Anali madzi a m'nyanja, ozizira ngati a pansi penipeni, ndipo m'munsi mwake munali timchenga takuda tomwe pa gombe lathu palibe.

Mantha ndinali nawo, sindikana. Koma chidwi chinaposa mantha. Ndinkafuna kudziwa kuti akutunga madziwa ndani, ndipo akutunga ndi chiyani.

Tsiku limenelo masana ndinapita ku msika wa kumtunda kukagula mariveti, timisomali tolumikizira zitsulo. Dzuwa lili paliwombo, njira yonse fumbi lokhalokha. Pobwerera, pa mphambano ija pali mwala waukulu, ndinaona munthu atakhala, atawerama, chipewa chitaphimba nkhope. Sindinamulabadire. Ndikudutsa, anandilankhula, mawu ake otsika ngati a munthu wa chimfine.

"Amisiri, kodi makona aja amafunika owongoka ndithu?"

Inu, munthu akakufunsa za ntchito yako, pakamwa pamayankha pokha. Ndinati, "Ndendende. Popanda sikweya musayambe n'komwe."

"Oho," anatero. "Zikomo."

Ndinayenda mapazi khumi ndisanadzifunse kuti makona ake ati, ndipo munthuyu wadziwa bwanji zomwe ndikukhoma. Nditacheuka, pamwala panalibe munthu. Ndinabwerera, poti ine ndi Gwirize. Pomwe anakhalapo panali ponyowa, ndipo fumbi la pomwe anaponda linali litasanduka matope. Kuchokera pamenepo kukafika kunyanja ndi ulendo wa ola lathunthu.

Kutacha, sikweya yanga inasowa. Sindinatukwane aliyense. Tsiku lotsatira ndinaipeza itabwerera, itapachikidwa pa msomali wolakwika, chogwirira chake cha thabwa chitafufuma ndi madzi.

Izi sindinamuuze Nachisale. Iye anali atapita kale kwa a Chikhadwe, anagwada patali monga achitira mtengwa, n'kuwauza kuti akufuna kupita panyanja ndi ndioneni kukafuna boti la mwamuna wake. Mdalayo akuti anaseka ngati mmene ndinasekera ine, kenaka anakwiya.

"Chabwino, ndikwera nawo botilo," anatero, "kuti misalayi ithere pamaso panga. Koma tikabwerako chimanjamanja, mawu oti maliro ndisadzawamvenso pakamwa panu mpaka ine nditalowa m'manda."

Nachisale anavomera. Lifa atamva anati, "Achemwali, mwabetcha moyo wanu wonse pa chitini?" Iye anangoti, "Moyo wake uti?"

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa, anthu anayi. Ine ndinati ndikupita kukaona ngati mlongoti walimba, koma limenelo linali bodza, ndinkafuna kuona mapeto ake. Ndioneni tinamumanga pamwamba pa mtengo wa bulugama wotalika kawiri msinkhu wa munthu, mphako imodzi kumwamba, ina pansi. Lifa anali pa injini kumbuyo, a Chikhadwe pakati cha kumanzere, ine pafupi nawo, Nachisale kutsogolo atawafulatira apongozi ake mwaulemu. Sitima ya katundu inkadutsa Lachinayi, ndiye Lifa anasankha Lachisanu dala. Sitinadziwe kuti sabata imeneyo inachedwa tsiku limodzi.

Titayenda maola awiri, mapiri akwathu atasanduka utsi, Nachisale anakweza dzanja. "Pano," anatero. Panali pomwe njira ya maboti opita tsidya lina imadutsana ndi njira ya sitima. Lifa anazimitsa injini.

Tinakhala. Dzuwa linatiwotcha. Madzi ankangomenya m'mbali mwa boti pang'onopang'ono. Nachisale anali kuyang'ana pamadzi, pomwe chithunzithunzi cha ndioneni chinkagwera. Ola linatha, lachiwiri linayamba. A Chikhadwe anafwenkha fodya wawo n'kuyetsemula.

"Amisiri, chitini chanuchi chimayamba ntchito nthawi yanji?" anandifunsa. "Kapena chimafuna mabatire?"

Ndinamva chisoni, ndikuuzeni, chisoni chenicheni, poona msana wa mayi uja.

"Tiyeni tizipita, Lifa," anatero mdalayo.

Koma Lifa sankawamva. Ankayang'ana kumpoto. "Nkhungu," anatero.

Inu akumtunda mukamva nkhungu mumaganiza ya madzi ija imagwa m'mapiri m'mawa. Ya kunyanja ndi ina. Ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka, timatuluka m'madzi n'kukwera ngati utsi wa tchire likupsa. Tinali titaiona patali kuyambira m'mawa, mizati itatu yakuda, koma tsopano mphepo inatembenuka, mizati ija inagwirizana n'kukhala khoma limodzi, likubwera kwa ife. Lifa anakoka chingwe cha injini. Injini inatsokomola n'kukhala chete. Anakokanso, anakokanso. Kenaka nkhungu inatipeza.

Masana dzuwa likuswa mtengo, kunada. Tizilombo m'maso, m'mphuno, m'makutu. Aliyense anafunda nsalu kumutu, ine ndinakweza malaya kutseka pakamwa. Lifa, yemwe ndikanatha kumugwira ndi dzanja, ndinkangomuona ngati chitsa. Ndipo mkati mwa kulira kwa tizilomboko ndinamva china, osati ndi makutu koma ndi mapazi. Matabwa a boti ankanjenjemera.

"Sitima," ananong'ona Lifa. "Mayo ine, sitima!"

Hutala inalira, pafupi moti mano anandigwedezeka. Sitinadziwe kuti tipalasire kuti, kuli konse kunali mdima. A Chikhadwe anayamba kupemphera, pemphero losokonekera, theka la tchalitchi theka la makolo. Ine ndinangoti, Gwirize, ngati unalakwitsa kona imodzi, lero wadzipha wekha. Kugunda kuja kunakula, kunakula, kenaka ndinamva kukusuntha, kukupita cha kumanja. Chinthu chachikulu chakuda chinadutsa ngati phiri likuyenda. Ndipo kuchokera pamwamba pake, munthu anakuwa pa chimkuzamawu.

"Inu a maboti awiri! Takuonani pa makina! Chokani panjira ya sitima, mudzafa!"

Mafunde a sitima anatinyamula n'kutigwetsa, kawiri, katatu. Kenaka bata. Kugunda kuja kunapita kutali.

"Wati angati?" anafunsa a Chikhadwe.

Tonse tinali titamva.

Ndipo cha kumanzere, pafupi kwambiri, kunamveka kachitsulo. Ngwe. Ngwe-ngwe. Ndinayang'ana kumwamba kwa ndioneni wanga, ngakhale ndinkadziwa kuti si iye, poti ndinamukhoma ndi mariveti, sagwedera. Uku kunali kulira kwa tizidutswa tating'ono, tomangidwa ndi ulusi, tikugundana. Mayi amadziwa kulira kwa mwana wake pakati pa ana zana. Ine ndinadziwa aluminiyamu wa basi ija.

Kenaka china chinakhudza boti lathu. Sichinagunde ayi, chinangotsamira, thabwa pa thabwa, ngati mnzako akamakocheza pambali pako. Kunabwera fungo la matope, la mtengo wokhalitsa m'madzi. Kuzizira kunakwera m'miyendo.

Ndinayang'ana, inde. Ndinasuzumira ndi diso limodzi pamwamba pa malaya. Ndinaona nsonga ya mtengo, yakuda, ikudontha, ndipo pamwamba pake kanthu kolumikizalumikiza, kosaoneka bwino, koma makona ake owongoka. Nditayamba kutsitsa diso kutsata mtengowo kuti ndione wougwira, khosi linakana. Ine amene ndinalawa madzi aja, chidwi chinandithera pomwepo. Ndinayang'ana mapazi anga.

A Chikhadwe ndiwo anali mbali imeneyo. Ndinawamva akuchotsa nsalu kumaso. Ankapuma ngati munthu wokwera phiri.

"Sandalamu," anatero. Sikunali kufunsa.

Yankho sindinalimve. Mwina linalipo, mwina ayi, tizilombo tinkalira kwambiri. Ndinangomva mdala uja, yemwe sanapepesepo munthu chibadwire, akunena ndi mawu a mwana, "Ndamva. Ndamva, mwana wa mlongo wanga. Wokuchedwetsa ndine. Pepa."

Kutsogolo kwa boti, Nachisale anali chifundire nsalu yake, osacheuka.

"Apongozi," anatero, "ndiyang'ane?"

"Ayi, mayi," anatero a Chikhadwe msangamsanga. "Musayang'ane. Mumusunge mmene munamuonera tsiku lija. Kuonaku kunali kwa ine."

Boti lathu linagwedezeka pang'ono, ngati wina walikankha ndi dzanja potsanzika. Kachitsulo kaja kanalira, ngwe, ngwe, kakunka kutali, kenaka sikanamvekenso. Posakhalitsa mphepo inaomba, nkhungu inayamba kung'ambika, dzuwa linatulukira. Tinali tokha. Madzi mbali zonse, sitima ili kadontho kummwera, m'boti mwathu tizilombo takufa tafika m'akakolo.

Lifa anakoka chingwe kamodzi kokha, injini inalira. A Chikhadwe anali atavula chipewa, atachigwira pachifuwa, nkhope yawo itakalamba zaka khumi. Chomwe anaona sanauzepo munthu mpaka imfa yawo, ndipo ine ndinawafunsa kawiri, kachiwiriko anandiponyera ndodo.

Titayenda mpaka mkuyu wa padoko unayamba kuoneka, mdalayo anakonza pakhosi.

"Nachisale."

"Wawa."

"Waoneka," anatero. "Mwamuna wanu waoneka. Mawa tidula nthochi, mkuja timeta. Lirani, mayi. Ndakuletsani nthawi yaitali. Lirani."

Nachisale anachotsa nsalu kumutu. Anatsegula pakamwa, koma sipanatuluke kanthu. Anayesanso, kunangomveka kamphepo. Ndinaopa kuti mwina kulirako kunaumira m'kati, sikudzatulukanso. Lifa anachepetsa injini, n'kunena motsitsa, "Achemwali, alamu apita."

Pamenepo kunatuluka. Mayo, sindinamvepo kulira kotero, ndipo sindikufuna kudzakumvanso. Kunayenda pamwamba pa madzi kutitsogolera. Pa gombe panali amayi akuchapa, ena akuyanika usipa pa matandala. Ndinawaona akuimirira mmodzimmodzi, akuphimba maso ndi manja kuyang'ana boti lathu. Anawerenga mitu, anapeza tonse anayi tilipo, amoyo. Kenaka mayi wina wachikulire anaika pansi chovala chomwe ankachapa, anamanga nsalu m'chiuno, n'kuyankha kulirako. Anzake anatsatira, gombe lonse.

Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti wamwalira ndani.